Agogo Akasiya Mowa, Mawa Lake Akakhala Kuti?

Kwa a Nduna a Zaumoyo, a Nduna oona za chisamaliro cha anthu, mabwanamkubwa, mafumu, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti.

Olemekezeka,

Nkhani ya mowa ikafika pa msonkhano wa akuluakulu, otchulidwa amakhala achinyamata. Masacheti analetsedwa chifukwa ana asukulu ankayenda nawo m'matumba, ndipo dziko lino lili ndi ndondomeko yake ya mowa kuyambira 2017. Zimenezo tikuyamika. Koma pali munthu wina amene sakumbukika: bambo kapena mayi wa zaka 60 kupita m'tsogolo amene mowa wamulowerera, ndipo tsopano akufuna kuleka, kapena adokotala amuuza kuti akapitiriza chiwindi chitha. Pempho lathu n'lakuti pomuthandiza kusiya mumukonzerenso anthu okhala nawo, chifukwa tsiku limene wasiya botolo wasiyanso anzake onse.

Ngakhale m'mabuku a chiwerengero munthuyu mulibe. Kafukufuku wa STEPS wa 2017, wofunsa za mowa, fodya, BP ndi shuga, analekezera pa zaka 69. Wa DHS, wofufuza za umoyo wa m'mabanja, amafunsa amayi mpaka zaka 49, abambo mpaka 54. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa Amalawi 100 aliwonse, pafupifupi 5 ndi a zaka 60 kapena kuposa, koma akangodutsa 70 palibenso wowafunsa mmene amamwera. Chosawerengedwa sichilowa m'bajeti.

Tapitani kumudzi cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuseri kwa nyumba yotchezera kachasu. Pansi pa mtengo wa mango pali benchi, bawo ndi kawailesi. Mdala akatulukira amamulandira ndi mfunda wake, wina n'kusendera kumupatsa malo. Amamuuza amene wamwalira kutsidya, mtengo wa feteleza, ndi mmene mlandu wa malire a munda unathera kwa amfumu. Akakhala kuti m'thumba mulibe kanthu amamumwetsa, adzabweza tsiku lina. Kumene wachokera kuja mkazi anatsogola, ana ali kutauni kapena ku Joni, zidzukulu zili kusukulu. Pa tsiku lonse lathunthu, pabenchi paja ndi pokhapo pamene munthu amamufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho. Mukamuuza kuti asapitekonso, mwamulanda zonsezi nthawi imodzi. Atha kupirira sabata ziwiri ali pakhonde kuyang'ana nkhuku. Yachitatu amabwerera, ndipo chomubweza nthawi zambiri si chibaba chokha.

Achikulire omwa mowa mwauchidakwa ali mitundu iwiri. Ena anayamba ali anyamata, akalamba nawo. Ena anayamba mochedwa, atapuma pa ntchito, ataferedwa, atadwala nyamakazi yosagonetsa tulo, kapena atasiyiridwa ana amasiye opanda chowadyetsa. Kafukufuku wa kumayiko kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri akuonetsa kuti achikulire akalowa m'chithandizo amachira mofanana ndi achinyamata, nthawi zina kuposa, makamaka a gulu lachiwirili. Akuonetsanso kuti wokhala pakati pa anzake omulimbikitsa kumwa ndiye sachedwa kubwerera. Choncho mawu akuti "asiyeni, akalamba kale, atsala ndi masiku angati" alibe maziko. Ndi ulesi chabe wovala ulemu.

Thupi lokalamba lili ndi madzi ochepa, ndiye mowa umene mnyamata angapirire umachuluka m'magazi a agogo, ndipo ubongo wawo sulimba nawo. Tiyeni tiwerengere. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti kali ndi magalamu pafupifupi 63 a mowa weniweni, chimodzimodzi mabotolo 5 a mowa wamba a mamililita 330. Ku America, akatswiri a zaumoyo akhala akulangiza kuti wopitirira zaka 65 asadutse miyezo 7 pa sabata, muyezo uliwonse magalamu 14. Timabotolo tiwiri totere tadutsa kale malire a sabata yonse. Kachasu ndiye alibe chizindikiro cha mphamvu yake, ndipo woyamba kudontha amakhala waukali kuposa womalizira.

Onjezerani mankhwala amene agogo ambiri amanyamula m'kajumbo pamodzi ndi buku lakuchipatala. Womwa glibenclamide, mankhwala a matenda a shuga, akamwa kachasu osadya, shuga amatsika mpaka kukomoka, anthu n'kumati waledzera, mulekeni agone. Mankhwala a BP ndi mowa amachititsa chizungulire podzuka, ndipo wachikulire akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno ambiri sadzayendanso. Ibuprofen, indocid ndi aspirin, amene amagulidwa paokala chifukwa cha msana, amayambitsa zilonda zam'mimba zotaya magazi akakumana ndi mowa. Mankhwala a TB amalemetsa kale chiwindi. Piriton, amitriptyline ndi phenobarbitone amawonjezera tulo ndi kudzandira. Wa ma ARV amangoiwala kumwa mankhwala ake. Anthu amenewa amabwera okha mwezi ndi mwezi ku kiliniki ya BP, ya shuga ndi ya ma ARV, ndiye safunika kuwasaka. Chosowa ndi funso.

Funsolo lifunsidwe mwanzeru. Mukati "Agogo, mumamwa mowa?" yankho ndi "ndimangolawa, mwanangu." Bungwe la WHO lili ndi mafunso otchedwa AUDIT, ndipo atatu oyambirira amatheka m'mphindi ziwiri: mumamwa kangati, mumamwa wochuluka bwanji pa tsiku lomwa, ndipo ndi kangati mumamwa wambiri nthawi imodzi. Afunsidwe ndi zipangizo zimene munthuyo amadziwa, kabotolo, kapu, paketi ya Chibuku, chipanda cha masese. Kenako lachinayi, limene limaulula zambiri: "Mukapanda kuchotsa matsire m'mawa, manja amanjenjemera?" Afunsidwe chitseko chili chotseka, mpongozi ali panja. Amayi achikulire afunsidwenso, chifukwa iwo amamwera m'nyumba ndipo manyazi awo ndi aakulu kuposa a abambo.

Amene wayankha kuti inde amanjenjemera asauzidwe kuti "kuyambira lero basi". Apa ndi pamene achibale ndi atsogoleri a mapemphero a mtima wabwino amaika moyo wa munthu pachiswe. Thupi lozolowera mowa tsiku ndi tsiku likaumanidwa mwadzidzidzi, pakati pa maola 6 ndi 24 kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyambirira munthu atha kugwa ngati wakhunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu, kuona zilubwelubwe, mtima kuthamanga, thupi kutentha, ndipo popanda chithandizo ena amamwalira. Malangizo a WHO a matenda a maganizo, otchedwa mhGAP, ndi omveka: diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, wochepetsedwa pang'onopang'ono kwa masiku 3 mpaka 7, pa mlingo wotsika kwa achikulire ndi odwala chiwindi, pamodzi ndi thiamine, amene ndi vitamini B1, mamiligalamu 100 pa tsiku kwa masiku 5. Amene anakomokapo kale posiya mowa, amene ali ndi matenda ena aakulu, ndi amene amagona yekha m'nyumba, agonekedwe m'chipatala. Wofika atasokonezeka, akudzandira, maso akugwedera, apatsidwe thiamine wa jakisoni mwachangu, asanamuike diripi ya shuga kapena pamodzi nayo, apo ayi ubongo utha kuwonongeka osabwereranso. Thiamine ndi mankhwala otsika mtengo. Tikupempha kuti asamasowe pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo diazepam asaperekedwe wa sabata yonse m'manja mwa wodwala, koma wa tsiku limodzi kapena awiri kwa womuyang'anira.

Mafumu, ndime iyi ndi yanu. Kusokonezeka kuja kumakula usiku. Agogo amatuluka osavala bwino, akulankhula ndi anthu amene anamwalira kale, n'kukapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake. Mukudziwa dzina limene mudzi umapereka kwa nkhalamba yopezeka chonchi. Dziko lino silinaiwale achikulire anayi amene anaphedwa ku Neno mu January 2016 powaganizira ufiti mphezi itapha mwana. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo lamulo la anthu achikulire la 2024 likuletsa kuwachitira nkhanza. Koma usiku ngati umenewo chopulumutsa munthu ndi mnansi amene anauzidwiratu kuti agogowa asiya mowa Lolemba, akasokonezeka athamangire nawo kuchipatala.

Masiku 7 a mankhwala aja akatha, ntchito ya mankhwala yachepa, ya anthu yayamba. Njira yake dziko lino likuidziwa kale. Wodwala TB kapena woyamba ma ARV amafunsidwa kuti gadiyani wake ndani. Wosiya mowa nayenso afunsidwe, koma iye akhale ndi awiri, ndipo awasankhe yekha. Woyamba ndi wapakhomo, woonetsetsa kuti wadya katatu, wamwa madzi ndi mankhwala, wagona. Wachiwiri ndi mnzake wa msinkhu wake amene samwa, kapena amene anasiya kale. Wachiwiriyu ndiye wofunika kwambiri ndipo ndiye amaiwalika. Mwana kapena mdzukulu sangalowe m'malo mwa benchi ija, chifukwa bambo wamkulu sangauze mwana wake kuti akusowa mkazi wake usiku, kapena kuti mkodzo ukumuvuta. Ntchito ya mnzakeyo ndi yosavuta kuifotokoza: afike pa ola lenileni limene agogo ankanyamukira kupita kokamwa, tsiku ndi tsiku kwa sabata ziwiri, kenako katatu pa sabata mpaka miyezi itatu. Akafika asalalikire. Abwere ndi bawo, kapena apite naye kudimba. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adutseko pa tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, ndiyeno kamodzi pa mwezi, atalemba mayina a magadiyani onse awiri m'buku lake.

A m'banja nawonso amafunika kuphunzitsidwa, chifukwa zimene amachita mwachikondi nthawi zambiri zimabweza munthu kumowa. Amamukalipira ali chiledzerere, pamene sangakumbuke kanthu. Amamuchititsa manyazi pamaso pa zidzukulu. Amamubisira nsapato, kumutsekera m'nyumba, kapena kumuthirira mankhwala m'chakudya mobisa kuti azisanza, zomwe kwa munthu wa mtima wofooka n'zoopsa. Ena amalipira ngongole zake zonse kwa otcheza kachasu mwakachetechete, motero ngongole yatsopano imatseguka mawa lake. Pali njira yophunzitsira mabanja yotchedwa CRAFT, imene katswiri wa ku America Robert Meyers ndi anzake anaikonza, ndipo mfundo zake zikhoza kuphunzitsidwa pansi pa mtengo. Lankhulani naye ali bwinobwino, makamaka m'mawa atadya. Nenani chinthu chimodzi chimene mwaona, monga "dzulo munagwa pa chitsime, ndinachita mantha", osati "ndinu chidakwa". Tsiku limene sanamwe likhale lokoma: ndiwo yabwino, kucheza, kumufunsa nzeru pa nkhani ya pabanja. Tsiku limene wamwa muonetsetse kuti wagona chammbali pamalo osagwa, koma macheza ayi. Ana a kutali aziimba foni pa tsiku lodziwika, osati pokhapokha akamva kuti bambo achita zamanyazi.

Za magulu tinenepo mosabisa. Gulu la anthu othandizana kusiya mowa la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, ndipo kuunika kwa 2020 kwa bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane kunapeza kuti njira yake imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana kapena kuposa uphungu wina wodziwika. Mphamvu yake yagona pakuti munthu amapeza anzake atsopano osamwa. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa kiliniki n'kumathandiza anthu ovutika maganizo. Cholinga chawo sichinali mowa, koma anaonetsa kuti achikulire eni ake ndi aphungu odalirika. Kuno gulu la achikulire osiya mowa likhoza kuyenda litakhala la anthu 6 mpaka 10, lokumana tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, m'mawa, pamtunda woti wa ndodo afike osapitirira theka la ola. Akhale mozungulira kuti wosamva bwino aziona pakamwa pa wolankhula. Amayi akhale ndi lawo. Asasakanizidwe ndi anyamata a chamba, chifukwa munthu wa imvi saulula kufooka kwake pamaso pa msinkhu wa mdzukulu wake. Adzabwera kamodzi mwaulemu, osabweranso. Manja akhale ndi chochita, kaya kuluka mphasa, kusema mipini kapena kusamala mbuzi za gulu. Tiyi kapena thobwa akhalepo, koma thobwa la tsiku lomwelo, poti logonera masiku limayamba kusasa n'kudzutsa chibaba.

Chimene chimapha magulu otere tachiona m'ntchito zambiri za chitukuko: alawansi. Mukangoyamba kupereka ndalama ya mayendedwe, olembetsa amachuluka, ena osamwa n'komwe, ndipo tsiku limene bungwe lachoka gulu limafa. Ndalama ipite ku maphunziro a otsogolera, masamba a tiyi ndi shuga.

Pali masiku awiri amene ambiri amagweranso m'mowa, ndipo onse amadziwika pasadakhale. Loyamba ndi la ndalama: penshoni, ya fodya kapena soya, yotumizidwa ndi ana, kapena ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo mabanja ambiri olandira amatsogoleredwa ndi achikulire. Otcheza kachasu amalidziwa tsikuli kuposa wina aliyense, ndipo buku la ngongole limadikira panjira. Kumuchotsa munthu m'kaundula chifukwa amamwa ndi kulanga zidzukulu zimene amalera. Kumulanda ndalama mokakamiza ndi nkhanza, ndipo achibale ena amapezerapo mwayi. Chotheka ndi pangano lochita naye iye mwini masiku angapo tsikulo lisanafike: apite ndi gadiyani, ayambe wagula chimanga, sopo ndi mchere, gawo lina lilowe ku banki mkhonde, ngongole yakale ibwezedwe pang'onopang'ono kudzera mwa munthu wina kuti iye asapondeko. Lachiwiri ndi maliro ndi sadaka. Wachikulire sangajombe pamaliro, ndipo pamenepo chisoni, kusagona ndi mowa zimakumana. Apite ndi mnzake uja, apatsidwe ntchito yooneka monga kulandira alendo kapena kusunga buku la chipepeso, akhale ndi yankho lokonzeratu loti "adokotala andiletsa chifukwa cha mankhwala", ndipo abwerere kunyumba kusanade.

Akagwa n'kumwanso, pakuti ambiri amagwa kamodzi kapena kangapo asanakhazikike, gadiyani afike mawa lake lomwelo. Funso likhale loti chinachitika n'chiyani dzulo, anali ndi ndani, anali atadya kapena ayi. Achenjezedwe kuti thupi limene lakhala miyezi osamwa silingapirirenso mlingo wakale. Ngati wamwa masiku angapo motsatizana, abwererenso kuchipatala asanasiyenso. Ndipo afufuzidwe chimene chikumudya: ululu wa mafupa, kusowa tulo, kapena matenda a maganizo. Wachikulire wonena kuti "ndatopa nawo moyo, ndingotsatira anzanga" afunsidwe mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba mwake.

Abusa, ansembe ndi mashehe, inu muli ndi chimene boma lilibe: anthu okumana kale sabata iliyonse m'mudzi uliwonse, amvano, achigwirizano, a Dorika, miphakati, magulu a amayi ndi abambo a kumzikiti. Za chilango cha mpingo sitilowererapo, ndi zanu. Koma taonani mmene chimathera. Mkulu woimitsidwa chifukwa cha mowa amachita manyazi, amasiya kubwera, oyendera odwala samuwerengera poti sakudwala malungo, ndipo khomo lokhalo limene latsala lotseguka ndi la kachasu. Ngati mwamuimitsa pa mgonero, musamuimitse pa kuyenderedwa. Mutumizireni anthu awiri a msinkhu wake sabata yomweyo.

Otcheza kachasu tisawaone ngati adani okhaokha. Ambiri ndi amayi, ena achikulire, olera ana amasiye ndi ndalama ya m'botolo, ndipo ena a iwo mowa unawalowerera polawa. Kuwaswera migolo kumangosamutsira malondawo kuthengo. Amfumu akhoza kugwirizana nawo zinthu zazing'ono zotheka: osagulitsa m'mawa, osakongoza munthu amene banja lake ndi iye mwini anena kuti akusiya, osamulandira chimanga, mbuzi kapena malata ngati malipiro.

Chithandizo chapadera chilipo ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma agogo a ku Nsanje kapena ku Chitipa safikako, ndipo wofikako amabwerera kumudzi womwewo, njira yomweyo yodutsa pa mtengo wa mango uja. Aliyense wotuluka kumeneko, kapena m'wodi ya chipatala cha boma, atuluke ndi kalata yopita ku chipatala chaching'ono cha kwawo, yokhala ndi mayina a magadiyani ndi tsiku lobwerera pasanathe sabata ziwiri. Oyankha mafoni ku Chipatala Cha Pa Foni aphunzitsidwe zizindikiro zoopsa za kusiya mowa, kuti mdzukulu woimba usiku auzidwe zoona.

Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti kafukufuku wa STEPS wotsatira asalekezere pa zaka 69, ndiponso kuti m'kaundula wa kiliniki ya BP ndi shuga muwonjezedwe malo olembapo mayankho a mafunso a mowa aja. A chisamaliro cha anthu, pamodzi ndi mabungwe a achikulire monga MANEPO, asankhe boma limodzi, aphunzitse alangizi a zaumoyo ndi achikulire awiri pa gulupu aliyense, ayendetse ntchitoyi miyezi 12. Powerengera zotsatira asangofunsa kuti asiyiratu ndi angati. Alembenso masiku amene munthu wakhala osamwa pa mwezi, kangati wagwa, ngati akumwa mankhwala ake a BP, ndi anthu angati amene anacheza naye sabata yathayo.

Ndife,
Ena mwa ogwira ntchito za umoyo ndi chisamaliro cha achikulire